Zidole zakale za Star Wars: mmene mungayambire kutolera popanda kupusitsidwa

Funso ili landitopetsa abale anga. Munthu akangotola kachidole ka Darth Vader pa kaunjika, kapena m'bale wake wa ku UK akamutumizira kathumba ka zidole za ana, amajambula chithunzi chimodzi chamdima n'kundiponyera pa WhatsApp amvekere "akulu, ichi chalembedwa 1977, ndi ndalama zingati". Ndiye ndati ndilembe kamodzi basi, wina akafunsanso ndizingomulozera pano.

Mbiri pang'ono kaye kuti tizimvana. Filimu yoyamba ya Star Wars ya George Lucas inatuluka ku America pa 25 May 1977, ndipo chilolezo chopanga zidole zake inatenga ndi kampani ya Kenner ya ku Cincinnati, Ohio. Filimu inagunda mosayembekezeka moti Khirisimasi ya 1977 inafika zidole zisanakonzeke, ndiye Kenner inagulitsa kakatoni kopanda chidole, mkati muli chiphaso choti mwana atumize pa positi adzalandire zidole zinayi kumayambiriro kwa 1978, Luke Skywalker, Princess Leia, Chewbacca ndi R2-D2. Kakatoni kameneka amakatcha Early Bird. Kuchokera pamenepo mpaka 1985 anagulitsa zidole zoposa 300 miliyoni, pa mtengo wa madola awiri kapena kuposerapo pang'ono chimodzi. Nambala imeneyo muisunge m'mutu, 300 miliyoni, chifukwa ikutanthauza kuti chidole chenichenicho sichosowa ayi. Chimene chimasowa ndi kamfuti kake kamene mwana wa 1979 anakataya pansi pa mpando tsiku lomwe anagulidwira.

1. Sankhani kaye mtundu umene mukutolera

Musamangogula chilichonse cholembedwa Star Wars, mudzathera ndalama pa mulu wa zinthu zosagwirizana. Zakale zenizeni zimene otolera amati vintage ndi za 1978 mpaka 1985, zazifupi mainchi 3.75, tinene kuti masentimita 9 ndi theka, zimapindika malo asanu okha, khosi, manja awiri ndi miyendo iwiri, mawondo ndi zigongono sizipinda. Zonse pamodzi sizifika 100, ambiri amawerenga 96, ndiye ndi ntchito yoti munthu utha kuimaliza ukakhala ndi mtima wodekha.

Kenako mu 1995 Kenner, ili kale m'manja mwa kampani ya Hasbro, inayambiranso ndi mtundu wotchedwa Power of the Force, otolera amati POTF2. Izi mumazidziwa msanga, Luke ali ndi chifuwa chotukumuka ndi minofu yosagwirizana n'komwe ndi mnyamata wowonda wa mu filimu uja, miyendo yotangadza. Anthu anazigula zambirimbiri n'kuzisunga osatsegula poganiza kuti adzalemera nazo, mapeto ake mpaka lero ndi zotchipa kwambiri ngakhale zili m'paketi. Zambiri zimene mumanditumizira zija ndi zimenezi. Palinso The Vintage Collection yoyamba 2010, dzina lake lisakunamizeni, ndi zatsopano zoikidwa pa makhadi (mapepala olimba a paketi amene chidole chimamatidwapo) ofanana ndi akale, Black Series ya mainchi 6 yoyamba 2013, ndi Retro Collection yoyamba 2019 imene Hasbro inachita kutengera dala maonekedwe a zakale zija.

Ine malangizo anga ndi a vintage, ndipo kwa woyamba ndimati yambani ndi 12 zoyambirira za 1978: zinayi za Early Bird zija, kuwonjezera Han Solo, Darth Vader, Obi-Wan Kenobi, C-3PO, Stormtrooper, Jawa, Tusken Raider amene pa khadi analemba Sand People, ndi Death Squad Commander. R2-D2 ndi C-3PO oyambirira analibe chida chilichonse, ndiye mukawapeza ali bwino ndi athunthu kale, palibe chida choti wina akunamizeni nacho.

2. Dziwani mawu amene ogulitsa amalemba

Malonda awa amachitika m'Chingerezi ndipo mawu ake ndi achidule. Loose ndi chidole chotsegulidwa, chopanda khadi. Complete ndiye kuti chili ndi zida ndi zovala zake zonse zimene chinabwera nazo. MOC ndi chimene chikadali pa khadi lake chosatsegulidwa. Beater ndi chidole chimene mwana anachiseweretsa mpaka penti kutha, mphuno kuperepeseka. Repro ndi chida kapena chovala chopangidwa posachedwa motsanzira chakale. Recard ndi chidole chakale choikidwa pa khadi losindikizidwa dzulodzuloli, reseal ndi khadi lakale limene linatsegulidwa wina n'kulimatanso. COO ndi dziko limene chinapangidwira. Mukamva 12 back akunena khadi limene kumbuyo kwake kuli zithunzi za zidole 12, ndiwo makhadi oyambirira, kenako kunabwera 20 back, 21 back, kumangokwera choncho pamene zidole zinkachuluka.

Wogulitsa akalemba complete koma osalemba kuti zida ndi original, mufunseni mwachindunji. Ena amabisala pamenepo.

3. Tembenuzani chidole muwerenge chidindo cha pa mwendo

Kumbuyo kwa ntchafu kuli timalemba tating'ono totukuka, pa zina tili pansana kapena kunsi. Walitsani tochi ya foni chammbali kuti tioneke. Za filimu yoyamba zimalembedwa GMFGI 1977 kapena 1978, ndiko kuti General Mills Fun Group, chifukwa nthawi imeneyo Kenner inali ya kampani ya General Mills. Boba Fett ambiri amalembedwa CPG 1979. Kuyambira nthawi ya filimu yachiwiri, The Empire Strikes Back, mu 1980 zimalembedwa LFL, kuimira Lucasfilm, kampani yopanga mafilimuwa, ndiye muona LFL 1980, LFL 1983 pa za filimu yachitatu, Return of the Jedi, mpaka 1984 ndi 1985. Mukaona 1995 kupita mtsogolo kapena dzina la Hasbro, si vintage, ngakhale maonekedwe atafanana bwanji.

Cholakwa chimene aliyense amachita ndi ichi, chaka cholembedwacho si chaka chimene chidolecho chinapangidwa, ndi chaka cha umwini wa kapangidwe kake basi. Darth Vader anapangidwa zaka zonse mpaka 1985 ali ndi chidindo chomwecho cha 1977. Ndiye wina akamati "first edition, onani 1977" musatekeseke nazo.

Pafupi ndi chakacho pamakhala dziko, kawirikawiri Hong Kong, pena Taiwan, Macau kapena China. Zina zilibe dziko, pamangooneka kachipsera pamene anafufuta dzinalo pa chikombole, zimenezi amati no COO ndipo zambiri zinagulitsidwa ku Ulaya. Musazitaye poganiza kuti ndi zabodza. Kenner inkapereka chilolezo kwa makampani a m'mayiko ena, Palitoy ku Britain, Meccano ku France, Lili Ledy ku Mexico, Toltoys ku Australia, Glasslite ku Brazil, ndipo zina mwa izi otolera amazilimbirana kuposa za ku America zomwe.

4. Yang'anani thupi lake bwinobwino

Gwirani chidole chapamimba muchigwedeze pang'ono. Manja ndi miyendo zikamalendewera zokha ndiye kuti chakhwefuka, mtengo umatsika, ndipo chikakanika kuima chokha patebulo umatsikiratu. Penti amayamba kutha pa tsitsi, pamphuno, m'manja ndi kunsonga kwa nsapato. Zoyera, Stormtrooper, Leia ndi malaya a Luke, zimasanduka zachikasu, nthawi zambiri thunthu limasintha mtundu miyendo ili yoyerabe chifukwa thunthu ndi la pulasitiki wolimba pamene manja ndi miyendo ndi za pulasitiki wofewa. C-3PO onani ngati golide wake sanakanduke. R2-D2 ali ndi sitika ya pepala kuzungulira thupi ndipo mutu wake umalira kuti tche tche tche mukaupotoza, sitika yowala mbee yopanda ngakhale kakukandika pa R2 amene mutu wake watha ndi yokayikitsa, amazisindikiza zatsopano.

Chenjeraninso ndi zopakidwa penti kachiwiri. Tsitsi lakuda bii lonyezimira pa Han Solo amene nsapato zake zaperepeseka, pamenepo padutsa munthu ndi maka. Nunkhizani, ndipo onani m'mphepete ngati inki sinalowerere pankhope.

5. Zida, apa ndiye pamene pagona nkhani

Malangizo ambiri amangoti "samalani ndi ma repro" n'kudumpha, pamene ndi pompano pamene ndalama za anthu zimathera. Pa zidole zambiri chida chimadula kuposa mwini wake. Kamfuti ka Leia ndi kakang'ono zedi, ana anakataya pafupifupi onse, moti lero kamfutiko kokha kamaposa Leia weniweniyo mtengo. Chimodzimodzi lightsaber (lupanga lowala la mu filimu) ya R2-D2 wa 1985 ndi chipewa cha Luke wovala za Stormtrooper. Ndiye pali anthu amene ntchito yawo ndi kuumba timfuti tatsopano, ena amagulitsa poyera kuti ndi repro, koma tikadutsa m'manja mwa anthu atatu anayi timafika kwa inu tikutchedwa original, ndipo wogulitsayo mwina sakunama dala, naye anapusitsidwa.

Choyamba dziwani chida choyenera chidole chilichonse musanayambe n'komwe kufunsa ngati ndi chenicheni. Luke woyamba lightsaber yake ndi yachikasu, ya Obi-Wan ndi yabuluu, ya Vader ndi yofiira, ndipo zonse zimalowa mkati mwa mkono n'kumatuluka mukakankha kachogwirira. Kunsonga kwake kuli kansonga kowonda kamene ana ankakaluma kapena kuthyola, ndiye yopanda kansonga ndi yotchipa koma kawirikawiri ndi yeniyeni, palibe amene amavutika kupanga repro yothyoka. Chewbacca ali ndi mfuti yakeyake, Tusken Raider ali ndi ndodo, Stormtrooper, Death Squad Commander ndi Boba Fett amagwiritsa mfuti ya mtundu umodzi. Yoda wa 1980 kuti akhale complete pamafunika zinayi, mkanjo wansalu, lamba, ndodo ndi njoka, njokayo ilipo ya olenji ndi yabulawuni.

Kenako mayeso. Pali atatu amene anthu amachita, ndipo palibe ngakhale amodzi amene amakwanira paokha.

Oyamba ndi a madzi. Thirani madzi m'kapu, ikani kamfutiko, kakankhireni pansi ndi chala kuti timpweya tomatirira tichoke, kenako kasiyeni. Zida zambiri zakale zimabwerera pamwamba n'kuyandama, pamene ma repro akale, opangidwa ndi pulasitiki wolemera, amamira. Kakamira, kayikirani kwambiri. Koma kakayandama musayambe kuvina, opanga ma repro anawadziwa kalekale mayeso amenewa ndipo atsopano amayandama bwinobwino. Komanso pali zida zochepa zenizeni zimene zimamira, ndiye madzi amangokuthandizani kuchotsa zabodza zoonekeratu.

Achiwiri ndi a khutu. Gwetsani chidacho pagalasi kapena patebulo lolimba kuchokera pafupi. Mfuti zakale zimalira mopepuka, kakuti tii, ma repro ambiri amalira mogonthera. Izi zimagwira ntchito pokhapokha muli ndi china chimene mukudziwa kuti ndi chenicheni choti mufanizire, apo ayi mukungodzinamiza.

Achitatu ndiwo enieni, a maso, ndipo amafuna galasi lokulitsira kapena kamera ya foni yokokera pafupi, pa kuwala kwa masana. Ganizirani chikombole cha njerwa, chikakhala ndi kachilema pakona njerwa iliyonse yotuluka mmenemo imakhala ndi kachilema komweko. Mafakitale a ku Hong Kong ankathira pulasitiki wosungunuka m'zikombole zachitsulo, ndiye chida chilichonse chenicheni chili ndi zizindikiro za chikombole chake, timabwalo tating'ono pamene tizitsulo tinkakankhira chidacho kuti chituluke, amati EPM, kamzere kowonda pamene mbali ziwiri za chikombole zinkakumana, ndi kachipsera pamene anachidula kuchichotsa ku chinzake. Zizindikirozi zimakhala malo omwewo pa chida chilichonse cha chikombole chimenecho. Wopanga repro nthawi zambiri amatenga chida chenicheni n'kuumbirapo chikombole chake, ndiye zotuluka zake mizere imakhala yofufuma osati yakuthwa, timabwalo tija timazimirira kapena kusowa, pena pamaoneka timabowo ta mpweya, pena chimachepa pang'ono msinkhu. Mtundu nawo umaulula, mfuti zambiri zakale zimene mumaziona ngati zakuda mukaziwalitsa ndi tochi kumbuyo zimaonetsa kabuluu kapena kobiriwira m'mphepete mopyapyala, ndipo mtunduwo ndi wa pulasitiki yemweyo mpaka mkati. Mukakanda pang'ono ndi chikhadabo pamalo obisika n'kuona mtundu wina pansi, ndi chopakidwa penti, chisiyeni.

Vuto ndi loti mfuti imodzi inali ndi zikombole zingapo m'mafakitale osiyana, Kader, Unitoy, Smile ndi ena, ndiye zenizeni ziwiri zitha kusiyana. Simungaloweze zonse pamtima, palibe amene amatero. Tsegulani tsamba la Imperial Gunnery pa intaneti, anajambula zida zenizeni ndi ma repro odziwika mbali ndi mbali, ikani chida chanu pafupi ndi sikirini mufanize kabwalo ndi kabwalo. Chikapanda kufanana ndi chikombole chilichonse chodziwika, chitengeni ngati repro mpaka wina wodziwa atatsimikiza. Mukamagula patali pemphani zithunzi za chida chokhacho, mbali zonse ziwiri, chili pa pepala loyera, osati chili m'manja mwa chidole. Wogulitsa wokana kujambula kapena wonena kuti kamera yake ndi yovuta, mutsanzikeni mwaulemu.

Mikanjo nayo ili ndi nkhani yake. Vader, Obi-Wan, Leia ndi Tusken Raider ali ndi mikanjo ya pulasitiki wopyapyala yokhala ndi mabowo awiri a manja, ndipo imang'ambika pamabowo pomwepo. Weniweni mbali imodzi ndi yosalala, inayo ili ndi timizere tosaoneka bwino, mukakanda ndi chikhadabo pamamveka kaphokoso. Wa repro nthawi zambiri ndi wokhuthala, wonyezimira kwambiri kapena wosalala mbali zonse. Ndipo musamauvule ndi kuuvalika pafupipafupi, pulasitiki wa zaka zoposa 40 sachedwa kung'ambika.

Maganizo anga pa ma repro ndi awa, ngati mukufuna chidole chanu chioneke chathunthu pa shelefu ndipo ndalama ya chenicheni palibe, bola chiime chimanjamanja. Mukaumirira kugula repro, isungeni m'kathumba kolembedwa, chifukwa tsiku lina mudzagulitsa kapena ana anu adzagulitsa, n'kupusitsa munthu wina osadziwa. Magulu ambiri a otolera pa Facebook amathamangitsa munthu wogulitsa repro ngakhale atanena poyera.

6. Musathamangire zotchuka zija

Aliyense anamvapo za Boba Fett woponya roketi. Kenner inamulengeza ngati chidole chotumizidwa pa positi mu 1979, koma nkhani ya ana otsamwa ndi timizinga ta zidole za Battlestar Galactica za Mattel itabuka, anamata roketiyo kuti isamachoke ndipo woponyayo sanagulitsidwe m'sitolo ngakhale imodzi. Otsala ndi oyeserera a m'fakitale ochepa chabe, mmodzi anagulidwa madola 525,000 pa okushoni mu 2024, wina chaka chomwecho anapitirira madola 1 miliyoni. Ndiye wanu wa pa kaunjikayo si ameneyo, pepani.

Jawa woyamba anali ndi mkanjo wa pulasitiki, posakhalitsa anausintha kukhala wansalu, ndiye wa pulasitikiyo ndi wodula zedi ndipo abodza ake ndi ochuluka kuposa enieni, anthu amangodula mkanjo wa Obi-Wan kuufupikitsa. Ma lightsaber otuluka kawiri, amati double telescoping, anali pa Luke, Vader ndi Obi-Wan oyambirira okha. Snaggletooth wabuluu wamtali wa nsapato zasiliva anabwera mu seti ya sitolo ya Sears mu 1978, Kenner itapanga molakwitsa chifukwa inangopatsidwa chithunzi chopanda mitundu chosaonetsa miyendo, kenako anakonza n'kutulutsa wofiira wamfupi. Ndiye pali 17 zomaliza za 1985, zimene zinatuluka ana atayamba kutopa nayo Star Wars moti zinapangidwa zochepa, monga Amanaman, EV-9D9, Barada, Han Solo wa mu carbonite ndi Yak Face. Yak Face yu sanagulitsidwe ku America koma ku Ulaya, Canada ndi Australia, ndiye amene muli ku UK muli ndi mwayi womupeza m'katoni ya munthu wamba kuposa wa ku America. Zonsezi zidziweni kuti mukakumana nazo muzizindikire, koma musazigule chaka chanu choyamba.

7. Za pa khadi zisiyeni kaye

Ndinena mwachidule chifukwa woyamba sayenera kuyambira apa. Khadi lenileni linasindikizidwa pa makina aakulu, mukalikulitsa mumaona timadontho toyalana mwadongosolo ngati timaluwa, la pa printa ya kunyumba timadontho take ndi tomwazikana. Chivundikiro cha pulasitiki chinamatidwa ndi moto, osati guluu, ndiye mukaona guluu wouma m'mphepete kapena pepala lotukuka pansi pake ndi reseal. Ku Britain kunabuka nkhani yoti makhadi enieni a Palitoy otsala ku fakitale anamatidwa zidole patapita zaka zambiri n'kugulitsidwa ngati osatsegulidwa, ndipo akatswiri omwe anagwa nazo. Alipo makampani oyeza n'kutsekera chidole m'bokosi loonekera ndi nambala yosonyeza ubwino wake monga 75, 80 kapena 85, AFA ndi CAS ku America, UKG ku Britain, koma mtengo wake umakwera kawiri katatu ndipo chidolecho simudzachigwiranso.

8. Mtengo muziuona pa zogulidwa, osati zotsatsidwa

Pa eBay munthu atha kulemba mtengo uliwonse umene walota. Sefani kuti muone sold items, zimene zinagulidwadi, ndipo fanizani ndi chofanana ndi chanu, loose ndi loose, chopanda mfuti ndi chopanda mfuti. Onani zingapo osati chimodzi. Mukatero muona nokha kuti beater wopanda chida ndi wa mapaundi ochepa chabe, pamene yemweyo ali woyera ndi chida chenicheni amakwera kangapo.

9. Kogula

Kwathu kuno sitolo ya zimenezi kulibe, mwayi uli pa kaunjika. Mabelo a zidole amachokera kumayiko komwe zidolezi zinagulitsidwa, ndiye mwa apo ndi apo chakale chimatulukira pakati pa zimbalangondo zaubweya ndi timagalimoto tothyoka, ku Limbe kaya ku msika wa Tsoka ku Lilongwe. Musayembekezere zambiri, mwa khumi zimene mungapeze mwina zonse khumi ndi za 1995 kupita mtsogolo. Pezani wogulitsa mmodzi muzolowerane naye, muonetseni zithunzi pa foni, mumuuze kuti akatsegula belo azikuimbirani, ndipo chofunika kwambiri mumupemphe kuti tizinyenyeswa ta pansi pa belo asamataye. Timfuti timakhala mmenemo, iye amationa ngati zinyalala. Mukapeza chabwino mulipireni bwino munthuyo, mawa adzakusungiraninso.

Amene muli ku Britain muli pabwino, ma car boot sale a Lamlungu m'mawa, masitolo a charity ndi misika ya zidole, ngakhale masiku ano ogulitsa ambiri amayamba aona pa foni asanatchule mtengo. Ku Joni onani misika ya zakale ndi magulu a pa Facebook. Mukamaitanitsa kunja muli ku Malawi werengerani zonse, mtengo, kutumiza, msonkho wa MRA ndi vuto la forex lija, chifukwa kutumiza chidole chimodzi kutha kudula kuposa chidolecho. Njira yabwino ndi kugula zingapo, zifikire kwa m'bale wanu, adzabwere nazo m'chikwama pobwera ku holide, zida zili m'kathumba kakekake kotseka. Polipira gwiritsani njira yoti mutha kudandaula katundu akapanda kufika, pa PayPal ndi goods and services, munthu wosamudziwa akaumirira friends and family mukaneni.

10. Kutsuka ndi kusunga

Madzi ofunda pang'ono, kadontho ka sopo wotsukira mbale, mswachi wofewa wa ana, basi. Tsukani mopepuka, pukutani, siyani chiume pamthunzi tsiku lonse chifukwa madzi amalowa m'thunthu. R2-D2 asalowe m'madzi, sitika ija ndi pepala. C-3PO musamukweche, golide amachoka, ingomupukutani ndi kansalu kofewa. Jiki, thina, mafuta a galimoto ndi mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo zisayandikire, zimaononga pulasitiki ndi penti yemwe. Muona mavidiyo a anthu akuyeretsa Stormtrooper wachikasu ndi hydrogen peroxide padzuwa, amayeradi, koma chikasucho chimabwerera pakapita nthawi, penti amafwifwa, ndipo otolera enieni sagula choyeretsedwa akadziwa. Miyendo ikamamata m'manja ndi mafuta a mu pulasitiki wofewa uja akutuluka chifukwa cha ukalamba ndi kutentha, sopo yemweyo amachotsa, zikabwerera mutsukanso.

Adani akulu ndi dzuwa ndi kutentha. Shelefu isayang'anizane ndi windo, ndipo musaike katoni ya zidole kudenga pansi pa malata, kutentha kwa mu Okutobala kumapinda miyendo ndi ma lightsaber. Nyengo ya mvula chinyezi chimabweretsa nkhungu pa mikanjo yansalu ndi makhadi, ndiye ponyanimo timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo chilichonse cha pepala chikhale m'bokosi la pulasitiki lotseka, kutali ndi chiswe ndi mphemvu. Chidole chilichonse chikhale m'kathumba kake koboola pang'ono kuti chizipuma, chida m'kathumba kena kakang'ono, chifukwa pulasitiki wofewa akagundana ndi wolimba kwa zaka amadyana n'kusiya chipsera chosungunuka. Musamange mfuti kudzanja ndi labala, imaola n'kumatirira. Zoimikira zake gulani zolembedwa vintage, mabowo a kuphazi a zakale ndi aakulu kuposa a zatsopano ndiye choimikira cha masiku ano sichigwira. Ndipo lembani m'kabuku kapena pa foni chidole chilichonse, chidindo chake, kumene munagula, mtengo, ndi ngati chida chake munachifaniza kale kapena ayi, chifukwa zikafika 30 simudzakumbukanso kuti mfuti yokayikitsa ija inali ya Stormtrooper uti.

Mukafuna kuti ndikuonereni, tumizani zithunzi zisanu pa kuwala kwa masana, kutsogolo, kumbuyo, chidindo cha pa mwendo chapafupi, ndi chida chili pachokha mbali zonse ziwiri pa pepala loyera.